Ndinaopa Pakamwa pa Anthu, Ndinataya Chala

Chizindikiro choyamba chinali ludzu. Unali mwezi wa Okutobala, masamba a mitengo akuyoyoka kuno ku Lanham, ku Amereka, ndipo kunja kutayamba kale kuzizira, koma ine kukhosi kunkauma ngati ndikulima pa dzuwa. Ndikamwa madzi, posakhalitsa ndinkathamangira kuchimbudzi, pobwerako ludzu lija lili pomwepo. Maso ankachita chifunga ndikamawerenga Baibulo. Sindinauze munthu.

Ndili ndi zaka 67. Ndimakhala ndi mwana wanga Esinati ndi adzukulu anga awiri m'nyumba yosanja, ife tili pamwamba penipeni. Esinati amagwira ntchito kumalo osamalirako okalamba ku Greenbelt, ndipo ine ndinabwera kuchokera ku Ntcheu kudzamuthandiza kulera ana. Ndinafika ndili ndi thupi labwinobwino, koma m'zaka zisanu ndi chimodzi ndinanenepa mpaka kumapuma kawiri pokwera masitepe a kwathu.

Chinandinenepetsa ndikuchidziwa. Ana obadwira kuno amaluma kawiri n'kusiya mbale. Ukawauza kuti amalize amakuyankha m'Chingerezi, uku akuthawa. Ine ndinaonapo njala, ndinadyapo madeya ndi mizu ya nthochi, ndiye kuona chakudya chikulowa m'bini kunkandipweteka ngati akutaya munthu. Choncho ndinkadya mbale yanga, kenako mbale zawo: nkhuku yokazinga, tchipisi, pitsa, phala lotsekemera la m'mabokosi, ngakhale soda wotsala m'makapu. Tsiku lililonse ndinkadya za anthu atatu. Zithunzi zanga zikafika kumudzi, abale ankasangalala kuti Amereka wandiyanja.

Kwathu munthu wonenepa ndiye kuti ali pa mtendere. Wowonda ndiye kuti akudwala, ndipo matenda ake aliyense amawatchula chamumtima. Ndinaika m'manda mng'ono wanga Filesi amene anawonda choncho, ndipo zimene anthu ankanong'onezana pamaliro ake ndinazimva ndi makutu angawa.

Pofika Disembala siketi zanga zinayamba kukhwepa m'chiuno, chonsecho kadyedwe sindinasinthe. Lamulungu lina tikutuluka m'tchalitchi, Mayi Gondwe, amene amadziwa za m'nyumba ya Mmalawi aliyense kuyambira ku Manassas mpaka ku Greenbelt, anandigwira dzanja n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Agogo, mwatsikatu. M'thupimu muli bwino koma?"

Ndinawayankha kuti ndi kuzizira. Nditafika kunyumba ndinadziyang'ana pa galasi, ndipo ndinaganiza zobwezera thupi lija anthu asanayambe kulankhula. Tiyi ndinkathira masupuni anayi a shuga. Ndinkakazinga mandasi kawiri pa sabata. Soda ndinkamwa wanga tsopano, osatinso wotsala. Ndinkakolezera moto umene unkandiwotcha, koma panthawiyo ndinkati ndikudziteteza.

Mu Januwale nsapato za m'nyengo yozizira zinandinyula chala chaching'ono cha phazi lamanzere. Ululu sindinaumve, ndinangoona magazi pa sokosi. Ndinkatsuka ndi madzi amchere n'kumanga kansalu. Esinati sindinamuuze. Iye akabwera kuntchito amakonda kufotokoza za okalamba a kumeneko, ena opanda miyendo, ena ana awo sabwera n'komwe kudzawaona. Ndinkati ndikangoonetsa kufooka, andisiya kumalo ngati amenewo kapena andikweza ndege. Mwana wanga sanandichitepo choipa. Koma mtima wanga ndi wotero, sindidalira munthu.

Patatha masabata atatu bala lija linayamba kununkha. Lachinayi lina madzulo Esinati atabwera kuntchito anaima pakhomo pa chipinda changa. Fungo limenelo amalidziwa, amakumana nalo tsiku ndi tsiku.

"Amayi, vulani sokosiyo."

Ndinakana. Anagwada pansi n'kuivula yekha. Chala chinali chitada bii, ndipo kufiira kunali kutakwera mpaka pakati pa phazi. Sanalire, sanandikalipire. Anangotenga makiyi a galimoto ndi chijasi changa.

Kuchipatala tinadikira maola angapo pa mipando yolimba, pakati pa anthu otsokomola ndi ana olira. Atandiitana, namwino anandibaya chala cha m'manja kuti ayeze shuga. Kamakina kake kanalephera kuonetsa nambala, kanangolemba kuti wakwera kwambiri. BP nayo inali pamwamba. Ananditenga magazi, anajambula phazi, anandiika diripi, n'kundigoneka.

Chingerezi changa ndi cha kumsika, ndiye m'mawa mwake anabweretsa foni yoti munthu azimasulira. Ndinayamba ndafunsa kuti munthuyo kwawo n'kuti. Amalawi kuno timadziwana tonse, ndipo sindinafune kuti matenda anga akafike kutchalitchi ine ndisanatuluke m'chipatala. Anali mayi wa ku Lusaka, wokhala kutali ndi kuno. Pamenepo ndinalola. Dokotala analankhula, iye n'kunena kuti matendawa ndi shuga, ndakhala nawo nthawi yaitali, ndipo kuwonda kuja kunali thupi likudzidya lokha. Fupa la chala linali litawola. Chalacho chinayenera kuchoka kuti phazi lipulumuke.

Anandidula Loweruka m'mawa. Ndinakhala m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Tsiku lililonse linali chimodzimodzi: kubaya chala kanayi, jakisoni wa insulini pamimba, mankhwala a mu diripi, kutsuka bala, kudikira dokotala amene ankafika nthawi imene wafuna. Piritsi lililonse ndinkafunsa ntchito yake ndisanameze, ndipo anamwino anatopa nane. Chakudya chinkabwera chochepa moti ndinkaganiza kuti wina akudya panjira. Pa bedi la pafupi nane panali mayi amene anadulidwa mwendo pansi pa bondo. Ankadandaula kuti phazi likumuyabwa, phazi limene panalibe.

Tsiku lotuluka dokotala anandiuza mawu amene sindiwaiwala. Anati chala chapita koma phazi likadalipo, ndipo kukhala kapena kuchoka kwake kudalira zimene ndizidya ndi mmene ndiziyendetsera thupi. Anati ndiyenera kutsitsa thupi, ulendo uno mwadongosolo. Ine ndinafunsa kuti nanga anthu akandiona ndawonda adzati chiyani. Dokotala sanamvetse funso langa. Womasulira uja analankhula zake, osati za dokotala, m'Chinyanja cha kwawo.

"Mami, bantu bazakamba. Koma sibazakupasani mwendo."

Ndinabwerera kunyumba mu Febuluwale. Mayi wina wa kuchipatala wophunzitsa za kadyedwe anandijambulira mbale pa pepala, ndipo pepalalo lili pa chitseko cha filiji mpaka lero. Theka la mbale likhale masamba: kabichi, repu, therere, nkhwani tikaupeza kusitolo ya anthu a ku Africa. Mbali ina nyemba, nsomba, dzira kapena nkhuku yopanda khungu. Nsima kapena mpunga zisapose chibakera changa, ndipo ufa ukhale wa mgaiwa ukapezeka. Mafuta supuni imodzi, osati kuthira ndi botolo. Soda ndinasiya. Tiyi wopanda shuga anandivuta milungu iwiri, kenako lilime linazolowera.

Chovuta kuposa zonse chinali zotsala za adzukulu. Dzanja linkapita lokha ku mbale zawo. Tinagwirizana ndi Esinati kuti anawo ndiziwapakulira pang'ono, akafuna awonjezere. Zikatsalabe zimalowa m'filiji ndipo mawa amazipeza. Zikawonongeka amataya ndi Esinati, ine ndikuyang'ana kumbali. Mpaka pano sinditha kutaya ndekha.

Bala litapola mu Epulo, dokotala anandilola kuyamba kulimbitsa thupi. Kumalo kochitira masewera sindinapite, sindingavale zothina pamaso pa anthu osawadziwa. Zonse ndimachitira m'nyumba, ana akapita kusukulu. Ndimakhala pa mpando wa kukhitchini n'kuimirira osagwira kanthu, poyamba kasanu, pano kakhumi ndi kasanu. Ndimatenga chigubu cha madzi ndi manja awiri, kuchikweza ndi kuchitsitsa ngati ndikusinja chimanga, ndipo mikono inakumbukira yokha ntchito imeneyo. Ndikatha kudya ndimavala nsapato zofewa zimene anandipatsa kuchipatala n'kuyenda m'kanjira ka pakati pa zitseko za aneba, kuchoka kumapeto kukafika kumapeto. Ndinayamba ndi maulendo awiri, pano ndimakwanitsa khumi. Ndikudziwa kuti ena amandisuzumira pa kabowo ka chitseko. Asuzumire. Madzulo aliwonse ndimaika kagalasi pansi n'kuyang'ana mapazi onse, kuphatikiza pakati pa zala, chifukwa phazi ladzanzi silikuuza likavulala.

Sikuti zonse zinayenda bwino. Mu Meyi ndinachita chizungulire ndi thukuta ndili m'kanjira kaja, shuga anali atatsika kwambiri. Ulendo uno ndinamuimbira Esinati nthawi yomweyo, ndipo dokotala anachepetsa mankhwala. Diso lamanja silinabwerere mwakale. Dzanzi la kumapazi anandiuza kuti silidzatha.

Pofika Ogasiti ndinali nditatsika mapaundi 30, pafupifupi makilogalamu 14, ndipo zimene ndinkaopa zija zinachitika. Mkulu wanga anaimba foni kuchokera ku Ntcheu akulira, akuti ndimuuze zoona, wamva kuti ndatha ngati Filesi. Nkhani inawoloka nyanja ine ndisanatsegule pakamwa. Amene anaitumiza sindinamufunse, ndinkamudziwa.

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, amayi ankagawa chakudya m'chipinda cha kuseri kwa tchalitchi. Mayi Gondwe anandibweretsera mbale yodzaza mpunga, nkhuku ndi mandasi awiri, akunena mokweza kuti ndidye ndibwerere mwakale. Ndinakana. Ndinakhala pa mpando, ndinavula nsapato ndi sokosi, n'kutambasula phazi lamanzere poyera.

"Werengani zalazi," ndinatero.

Palibe anawerenga mokweza. Ndinawauza kuti matenda anga ndi shuga, kuti ndinawabisa miyezi inayi chifukwa choopa pakamwa pawo, ndipo chala chachisanu chinapita ndi mantha amenewo. Ndinawauzanso kuti akanakhala matenda ena amene iwo ankaganizawo, nawonso ali ndi mankhwala, ndipo mng'ono wanga bwenzi ali moyo akanapanda kuopa anthu ngati ife. Mayi Gondwe anabweza mbale ija pa tebulo. Kaya anachita manyazi kaya anangopeza nkhani ina yokauza anzawo, sindikudziwa.

Ndikuvala sokosi, mayi wina wachitsikana anadzakhala pafupi nane n'kundifunsa chapansipansi kuti ludzu limene ndinkamva linali lotani. Ndinamufotokozera, ndipo analonjeza kuti akayezetsa. Sindinamukhulupirire, ndiye ndinkamufunsa Lamulungu lililonse mpaka anandionetsa pepala la kuchipatala.

Lero jakisoni ndinasiya, ndili pa mapiritsi okha. Shuga ndimayeza m'mawa uliwonse n'kulemba ndekha m'kabuku, ndipo kuchipatala ndimapita miyezi itatu iliyonse. Masitepe a kwathu ndimakwera osapuma. Anthu sindinayambebe kuwadalira, koma mwana wanga ndimamuonetsa ngakhale kachilonda kochepetsetsa.

Inu anzanga amene mukumva ludzu losatha, amene maso akuchita chifunga, amene muli ndi bala losapola, pitani mukayezetse sabata yomwe ino. Uzani wa m'nyumba mwanu. Thupi lalikulu si umboni wa mtendere, ndipo mbale ya mdzukulu si ntchito yanu kuimaliza. Anthu amene ndinkawaopa aja onse zala zawo zili zokwanira. Ine ndimawerenga zanga madzulo aliwonse, ndipo zimathera pa zisanu ndi zinayi.