Amene Ankadya Mpunga wa Mayi Anga

Anzanga, Kazuma ndinakumana naye m'shopu ya zakudya momwe ndimagwira ntchito ku Suginami. Ankabwera maso ali psuu ngati wodula anyezi.

"Kodi inu simugona?" ndinamufunsa tsiku lina.

"Ndimalemba nkhani za anime, makatuni a pa TV aja, achemwali. Tulo tinasiyira amphaka."

Ndinaseka. Kuseka komweko ndi komwe kunandipachika.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzira ntchito yoyankhulira anthu a mu anime. Chikondi chitayaka, anayamba malonjezo.

"Shiori-chan, nkhani yanga ikadzatuluka, mawu adzakhala ako."

Ndinamulukira sikafu yofiira ndi manja angawa. Uchitsiru sugulidwa, anzanga.

Tsiku lina tili m'sitima, ndinamuuza zomwe sindinauzepo munthu. Mayi anamwalira ndili mwana. M'mawa uliwonse ndinkaika kambale ka mpunga paguwa la m'nyumba, patsogolo pa chithunzi chawo. Pobwera kusukulu ndinkapeza kambale kali mbee!

"Waona? Amayi ako anabwera," ankatero bambo.

Kazuma ndinamufotokozera zonse, mpaka mathero ake. Analira, mamina chuchuchu.

"Izi zithera pa iwe ndi ine," anatero.

Chaka chino anime yake yatuluka. Mtsikana wokhala yekhayekha pachilumba cha mizimu, amasiyira malemu mayi ake kambale ka mpunga, n'kukapeza kali mbee...

Mawu a mtsikanayo? Si anga. Ndi a Kotone, yemwe anaima pambali pa Kazuma pa TV atavala sikafu yofiira ija. Ndinaizindikira pomwe ndinalakwitsa poluka.

Kazuma ndinamulondola ku situdiyo.

"Wagulitsa mayi anga, Kazuma!"

"Usakweze mawu, anthu akuona. Nkhani ilibe mwini. Komanso mawu akowo ngosakhwima, ukanaiwononga."

"Nanga sikafu?"

"Kunkazizira."

Kunkazizira! Galu iwe!

Izo ndikanameza. Koma bambo anaionera anime ija kwathu ku Aomori, n'kundiimbira foni.

"Shiori... unauza ndani?"

Sanakalipe. Anangodula foni mwakachetechete. Mpaka lero ndikaimba sayankha, ndipo chimenechi sindidzamukhululukira Kazuma.

Panopa dziko lonse likukangana kuti amadya mpungawo ndani. Ena akuti mzimu, ena akuti nkhandwe. Gawo lomaliza lituluka Lamlungu, ndipo onse a ku situdiyo analumbiritsidwa kuti asaulule. Mbiri yonse ya Kazuma yatsamira pa chinsinsi chimenechi.

Koma ine sanandilumbiritse. Ndine wogulitsa zakudya chabe, eti?

Ndiye mverani.

Nkhalamba yopalasa bwato mu animemo, yosayankhula ija, ndi bambo ake a mtsikanayo. Ndi amene amadya mpungawo.

Ndikudziwa chifukwa tsiku lina ndinabwerako msanga kusukulu, mutu ukundiwawa. Ndinapeza bambo atagwada paguwa, akudya mpunga wozizira uja ndi manja, misozi ikugwera m'kambale. Ankachita zimenezo kuti mwana wawo asadzione wamasiye. Ndinabwerera panja mwakachetechete, ndipo mawa lake ndinaikanso mpunga.

Tumizirani aliyense, anzanga. Lamlungu lifike aliyense akudziwa kale.

Kazuma, unati nkhani ilibe mwini. Ndiye usandiimbire ukulira.

Ine ndikukwera sitima ya ku Aomori, ndikagwade pamaso pa bambo. Inu, misozi ya mwamuna isakupusitseni. Wina amalira uku akukopera.