Chilonda chimene ndinabisa m'jombo

Zinayamba ndi mapazi. Ndikaweruka kothyola tiyi ku esiteti, pansi pa mapazi pankayaka ngati ndaponda makala, zala zili dzanzi. Matenda a shuga anali atandipeza kale, koma izi zinali zachilendo.

Kuchipatala cha mishoni ananditumiza ku Blantyre. Kumeneko adokotala anati adula kachidutswa ka mtsempha womvera, pafupi ndi kakolo, kuti akaone ngati wautha ndi shuga yekha. Anandichenjeza kuti mbali ya phazi idzafa dzanzi mpaka kale, ndipo bala likachedwa kupola ndibwerere msanga.

Anaduladi, koma ine sindinabwerere. Mvula itayamba tiyi anaphukira kwambiri, ndipo wotsimphina samuwerengera ntchito. Ndinkamanga bala ndi kansalu, n'kuvala jombo. Popeza pamalopo panalibe ululu, ndinkadzinamiza kuti papola. Kenako panayamba kutuluka mafinya ndi fungo. Ndinayamba kudyera pandekha kumunda, ndipo kunyumba ndinkasamba ana atapita kusukulu. Ine dikoni wa mpingo, kununkha ngati chinthu chakufa!

Sabata la Mgonero, pa mwambo wosambitsana mapazi, ndinakhala kumbuyo kuti anthu andiiwale. Koma a Namakhwa, mkulu wokalamba wa mpingo wathu, anabwera ndi beseni n'kugwada pamaso panga. Ndinasowa pothawira. Atandivula sokosi, kansalu kanamatirira pachilonda, fungo n'kudzaza chipinda. Ndinkalakalaka nthaka itang'ambika. A Namakhwa anangotsuka phazi linalo, n'kunena chapansipansi kuti, "Achimwene, tikaweruka tipitira limodzi kuchipatala."

Anandigoneka m'wodi. M'mawa uliwonse kunali kubaya chala poyeza shuga, jakisoni, kenako kudikira anamwino ochapa zilonda. Tsiku loyamba anayang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa, "Bambo, mumadikira kuti tidule mwendo?" Ndinatuluka mvula itatha, ndipo chilonda chinatseka chapakati pa nyengo yozizira.

Lero mwendo ndili nawo. Mbali ya phazi ndi yakufabe, ndipo nthawi zina pachipsera pamalasa ngati singano. Kumunda anandichotsa, ndimagwira ntchito ya pageti. Madzulo aliwonse mayi akunyumba amandiyang'ana mapazi, pakuti minga ikandibaya sindimva.

Inu a shuga, bala losapweteka musalikhulupirire. Pitani nalo likadali laling'ono, anamwino akalione iwo, lisanaonedwe ndi mpingo wonse.