Waya wa a Muhiwa

"Chotsani manja anu pa njinga yanga, bambo! Munayendetsapo njinga yamoto inu?"

Anandikalipira choncho mwana wanga Lameki Lachitatu lapitali, anzake a kabaza akumva. Anandipeza nditagwada pabwalo, sipanala ili m'manja, ndikuyesa mabawuti a njinga imene amanyamulira anthu ndi matumba a mpunga kuchokera kuchigwa. Atatu anali atakhwepa, moti ankazungulira ndi zala. Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinamugenda ndi sipanalayo. Inamuphonya, n'kukaswa ndowa ya mayi ake. Iye analiza njinga n'kupita kukagona kwa mnzake.

Sindinayendetsepo, n'zoona. Koma chimene bawuti imachita ikakhwepa ndimachidziwa kuposa iye, chifukwa cha a Muhiwa.

Ndikawakumbukira a Muhiwa, chimayamba kundifika ndi fungo la tayala lowotchedwa. Nyumba yawo inayang'anizana ndi yathu kwa Kaduya. Anali mlangizi wa ziweto, ndipo kuntchito anawapatsa njinga yamoto yaitali, ya matayala a mano akuluakulu, yoti azidutsira pa Fort Lister kukaona ng'ombe za kuseri kwa phiri. Loweruka lililonse masana ankawotcha tayala lakutha kuseri kwa khola, utsi wakuda n'kumalowa mpaka m'zovala zimene mayi anayanika, mayi n'kumatukwana chapansipansi m'Chilomwe. Moto ukazima ankafukula phulusa ndi kamtengo, n'kutulutsa waya wa m'tayalamo atafewa bwino. Kenako ankakhala pa njerwa, miyendo tang'a, n'kuyamba ntchito yawo: kumanga nati iliyonse ndi sipanala, kukulunga waya kunsonga kwa bawuti, kumene anali atachekako kamzere ndi chidutswa cha sowo, n'kumupota ndi pulayala mpaka alume. Ankayamba kutsogolo, kumalizira pa nati ya buleki ya kumbuyo, akuimba mluzu nyimbo imodzimodzi ya kutchalitchi.

"Msewu wa kuno umamasula, mwanaka," ankatero, kutanthauza mwananga m'Chilomwe. "Sipanala ndi ya lero lokha. Ndikamanga waya, sindiyang'ananso mpaka Loweruka lina."

Ndinali Sitandade 5. Anzanga onse anali ndi magalimoto a mawaya, ine ndekha ndinalibe. Loweruka lina ndinawapempha kachidutswa. Anakana, akuti tayala la tsikulo linali laling'ono. Ndinatambasula dzanja kuti nditole ndekha, iwo n'kundimenya pa zala ndi chogwirira cha pulayala. Sikunali kumenya kwenikweni. Koma anzanga anaseka, ndipo ine kusekedwa sindinakupirirepo chibadwire.

Lamulungu, mudzi wonse uli kutchalitchi, ndinanamizira m'mimba. Ndinalowa pakhonde pawo ndi msomali, n'kumasula waya pa bawuti iliyonse, mpaka wa pa buleki. Manati sindinawakhudze. Ndinkaganiza kuti ndangoba waya.

Lolemba kunacha ndi mvula yowaza. Kunabwera munthu wothamanga, akuti ng'ombe zikugwa kuseri kwa phiri. A Muhiwa anavala jasi, n'kuliza njinga osayang'ana pansi. Akanayang'aniranji? Anali atamanga Loweruka.

Popita anafika. Lachiwiri anayendanso. Lachitatu, akutsika pa Fort Lister, pamene msewu uli miyala yokhayokha, anaponda buleki phazi n'kungopita pansi. Nati inali itagwera m'njira. Amuna anayi anawanyamula pa machira ansungwi, chiuno chitathyoka. Anabwerako kuchipatala chimanga chitauma kale m'minda, akuyenda chokwawa ndi ndodo ziwiri. Ntchito inatha. Njinga eni ake anaitenga. Galimoto imene ndinapanga ndi waya uja ndinaiponya m'chimbudzi ndisanaiyendetse ndi kamodzi komwe.

Chimene chimandidya si chiuno chawo. Ndi chakuti sanaganizire munthu aliyense. Aliyense wobwera kudzawazonda ankamuuza zomwezo: "Ndinaiwala kumanga. Mutu wayamba kutha." Munthu amene anthu ankamudziwa ndi kusamala anayamba kudzikayikira pa chilichonse. Ankatseka chitseko n'kubwererako katatu. Mluzu uja unaleka.

Tsiku lina anandiitana pakhonde, n'kundigawira chinangwa chowotcha.

"Iwe unalipo Loweruka lija, mwanaka. Tandiuza zoona. Unandiona ndikukulunga waya?"

Anandiyang'ana ngati munthu wopempha madzi. Ndikanangoti eya, akanadziwa kuti mutu wawo uli bwino. Koma akanafunsanso kuti nanga wayayo anapita kuti.

"Sindikukumbuka, agogo," ndinatero, chinangwa chili m'kamwa.

Anagwedeza mutu. Anamwalira ndili Fomu 3, akukhulupirirabe kuti anadzipundula okha.

Nkhaniyi sindinauzepo munthu, ngakhale mkazi wanga. Ndinkati ndikadzaiulula idzakhale ndi ntchito. Ndiye Lachinayi m'mawa, kutacha pa mkangano uja, ndinasamba, n'kuvala malaya abwino, n'kupita kumsewu kumene Lameki amadutsa ndi katundu woyamba. M'njira monse ndinkakonza mawu ofatsa. Ndimuimitse, ndimuuze za a Muhiwa zonse osasiyako, kenako achite zimene akufuna.

Ndinamumva asanaoneke, njinga ikulira gwedegwede ngati chitini cha misomali. Anatulukira pa kona ndi matumba awiri a mpunga, pamwamba pake patakhala mayi wobereka mwana. Ndinakweza dzanja. Anandiona bwinobwino, n'kuyang'ana kumbali, n'kuwonjezera moto.

Mawu onse ofatsa aja anathawa.

"Chitsiru iwe! Ukafera konko!" ndinakuwa, anthu ogulitsa tomato n'kutembenuka.

Njinga inapita. Ndinakhala pa kaliveti m'malaya anga abwino, ndikumvetsera gwedegwede uja mpaka anazimirira kumtunda, kulowera ku Fort Lister.