Magolovesi a m'kabati

Mukafika ku Chinamwali n'kufunsa za a Yunus amagetsi, lero akuyankhani kuti, "Ooo, aja anadziotcha okha aja?" Mawu amenewa amandipweteka mtima. Ine Cuthbert Namakhwa ndinagwira nawo ntchito zaka zisanu ndi zinayi pamakina ocheka matabwa kuphiri, ndipo ndikudziwa kuti munthuyu sanadziotche.

A Yunus anabadwira ku Chinamwali komweko. Sukulu anailekeza Fomu 2, n'kuyamba kukonza mawailesi pakhonde la golosale ya amalume awo, kenako anakakhoza mayeso a zamagetsi. Nyumba yawo ndi ya zipinda ziwiri, njinga yawo ndi yakalekale. Chuma chawo chinali dzina basi: zaka makumi awiri ndi ziwiri osapsereza mota ngakhale imodzi, osavulaza munthu. Anali wovuta, zimenezo sindingakane. Asanagwire waya ankayamba azimitsa swichi yaikulu, n'kukolekapo loko wawo, kiyi m'thumba. Akatero n'kuyeza kawiri ngati moto wathadi. Ife tinkawaseka kuti, "A Shehe, mukuswalira waya kodi?" Iwo ankangoti, "Sekani achimwene, ine kunyumba akundidikira."

Pakampani pathu panali zizolowezi ziwiri. Choyamba, ntchito zonse zokonza zinkadikira tsiku lozima magetsi, kuti makina asaime nthawi yocheka. Chachiwiri, zodzitetezera zinalipo ndithu: magolovesi a mphira, chotchinga kumaso, ovololo yosagwira moto. Koma zinkakhala m'kabati ya muofesi, zokiyidwa, ngati mbale zija amayi amasungira alendo. Oyendera akabwera, manijala wathu a Elvis ankazitulutsa, n'kuveka a Yunus, n'kuwajambula. Galimoto ya oyendera isanatsike n'komwe phiri, zonse zabwerera m'pulasitiki. Akuti zingade. Asa!

Tsiku lake linali Lachiwiri, mu Juni, chifunga chili tolo. Swichi yaikulu ija inali itayamba kutentha ndi kununkha. Vuto linali lakuti mbali imodzi ya swichiyo imalandira moto kuchokera ku thiransifoma, ndiye loko wa a Yunus sakanathandiza kanthu. Pankafunika kuitana eni magetsi adzadule panja.

"Tiwaitane adzabwera liti?" anatero a Elvis. "Lero magetsi azima mpaka 2 koloko, zili pandandanda. Mangani pompano."

"Bwana, ndandanda si loko," anayankha a Yunus. "Chabwino, ndipatseniko zovala zija."

"Kiyi ali pa makiyi a galimoto, ndipo dalaivala watsika nayo kutawuni. Mwayamba mantha ukalamba uno? Ngati ntchito yakukanikani nenani, amagetsi ali mbwee ku Chikanda."

Ine ndinali pomwepo, ndikunola sowo. Ndinamva zonse ndi makutu angawa. A Yunus anaima kanthawi, anayeza kawiri monga mwa masiku onse, moto panalibe. Anatsegula bokosi lija atavala jekete la nayiloni la pakaunjika, chifukwa kunkazizira zedi.

Magetsi anayaka 11 koloko.

Anthu amaganiza kuti magetsi amavulaza pokhapokha ukagwira waya. Ayi. A Yunus sanagwire waya. Sipanala yawo inali itagunda zitsulo ziwiri zamkuwa m'bokosimo, ndipo moto unalumpha. Kunawala mbee, kuposa wowotcherera zitsulo, kenako phuu! ngati thayala la lole laphulika. Ine amene ndinali nditasunthira chapatali ndinakhala mphindi zingapo ndikungoona zobiriwira. Nditapenya bwino, a Yunus anali gone chagada pautuchi, ndevu zitapserera, mkuwa wosungunuka utawaza nkhope yonse. Jekete lija linali litasungunuka n'kumatirira pamikono. Fungo lake sindidzaliiwala. Zonsezi zinachitika mwina sekondi imodzi isanakwane.

Anagona kuchipatala miyezi iwiri. Diso lamanja linafa, lamanzere limangoona zithunzithunzi. Zala zinapindika, sangagwirenso ngakhale sikuludiraiva. Ndinkapita kukawaona Lamlungu lililonse, ndipo chimene ankafunsa si za maso ayi. Ankafunsa kuti, "Achimwene, anthu akuti chiyani? Asamati ndinachita chibwana." Munthu watsala ndi dzina lokha, ndiye ankaligwira ndi zala zopindikazo.

Sabata yachitatu a Elvis anandiitana muofesi. Kabati ija inali yotsegula, magolovesi atapachikidwa pamsomali, atawapaka ngakhale girizi kuti aoneke ogwira ntchito. Patebulo panali lipoti. Linkati a Yunus anapatsidwa zodzitetezera koma anakana kuvala, ndiponso anatsegula bokosi popanda chilolezo. Pansi pake panali mzere wa mboni.

"A Namakhwa, kampani ikatsekedwa ana anu anayi aja adya utuchi?" anatero, akundipatsa bolopeni.

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinaitaya pansi bolopeniyo. Sindinaitaye. Ndinasaina bwinobwino, dzina lonse, ndi deti lomwe. Madzulo ake ndinatsika phiri wapansi, ndinakana ngakhale lifiti, ndipo mawa lake ndinabweranso kuntchito ngati munthu.

A Yunus atatuluka m'chipatala, kalata ya kampani inawapeza kunyumba, lipoti lili momwemo. Loweruka masana ndinapita kukawazonda. Ndinawapeza pakhonde atavala magalasi akuda, akazi awo a Amisa akusankha nandolo pambali. Nditapereka moni, a Amisa anangoti "Tili bwino," osadzutsa mutu. Pomwepo ndinadziwa kuti iwo awerenga kale.

"Mwabwera bwino achimwene," anatero a Yunus. "Alamu anuwa akukana kundiwerengera pepala ili, akuti Chingerezi chake n'chovuta. Tandiwerengerani inu."

Ndinawerenga, ndikumasulira. Nditafika pakuti anakana kuvala, anaseka pang'ono, kuseka kowawa.

"Ine? Kukana? Zaka zonsezi!" Anapukusa mutu. "Koma palibe kanthu. Mulungu ndi wamkulu, inu munalipo. Lolemba tipitire limodzi ku ofesi ya zantchito, mukanene zimene munamva. Pitirizani. Wachitira umboni bodza limeneli ndani?"

Ndinayang'ana a Amisa. Anali atasiya nandolo, akundiyang'ana ine, osaphethira. Ndikanatha kunama kuti siginecha yake siyikuoneka. Koma kunamiza munthu wosaona, mkazi wake akundipenya, ndinalephera.

"Palembedwa kuti Cuthbert Namakhwa," ndinatero.

Pamsewu pankadutsa akabaza akuimba mabelu. Kenako a Yunus anatambasula dzanja lopsa lija, ine n'kuwabwezera pepala, iwo n'kulipinda kanayi mosamala, n'kuliika m'thumba la malaya. Sanakalipe. Ndikanakonda akanandilavulira.

"A Amisa," anatero, "aperekezeni a Namakhwa. Kwawo n'kutali."

Lolemba sindinapite ku ofesi ya zantchito. Ndinakwera phiri, ndinacheka matabwa mpaka 5 koloko. Ndikuchekabe mpaka lero, ndipo ndikamva munthu akuti a Yunus anadziotcha okha, ndimapsa mtima kwambiri, koma sindimutsutsa.