Kamamba ka Chambo mu Makina a Madzi

Ndinayambitsa ndine. Ena ankati ndi ufiti, ena ankati makina anyansidwa ndi manja athu onunkha usipa, koma nkhani yonse inachokera m'thumba la kabudula wanga. Ndinali Fomu 3, pa holide, ndipo holide kwathu kuno imatalika ngati ulibe bwato.

Kiyosiki ya madzi anatimangira m'mbali mwa msewu wopita ku Nkopola. Banja lililonse lili ndi khadi lake, lokhala ndi kachigamba kagolide. Ukalilowetsa pakamwa pa makina, getsi lobiriwira limayaka, mpopi n'kutseguka. Chibwerereni kiyosikiyo, amayi a m'mudzi anasiya kukatunga ku dooko la kumabango. Dookolo sitilitchula mokweza. Linamezapo anthu, ndipo ena mwa iwo tinangoika nsalu zawo m'manda.

Msuweni wanga amakonza mafoni mumsika wa m'tauni. Tsiku lina anandionetsa makina akufa ofanana ndi athuwa, atawatsegula mimba.

"Ona, aise," anatero, akuloza kanthu kakuda kochepa ngati chikhadabo cha khanda. "Mwini nyumba ndi aka. N'kotsika mtengo kuposa mulu wa usipa. Kamadzutsa khadi ndi timagetsi kudzera m'timano tachitsulo iti, kenako kamadikira kuti liyankhe. Likapanda kuyankha, kamazimitsa zonse. N'kamantha koopsa."

Iye ankandiphunzitsa ntchito. Ine ndinkamva zina.

Amene ndinkawafuna anali a tcheya a komiti ya madzi, bambo wa ndodo ndi mawu ambiri, amene anandipotokola khutu pamaso pa atsikana chifukwa chomwera pakamwa pampopi. Ndinatola kamamba ka chambo, kouma, koonekera ngati galasi. Ndinakaboola n'kumangirira twaini wopyapyala. Nditaona a tcheya akubwera, ndinakalowetsa pomwe pamalowa khadi, twaini n'kumutsetseretsa m'mbali mwa khoma.

A tcheya analowetsa khadi. Getsi lofiira. Analipukuta pamalaya, analiuzira mpweya, analipaka timalovu. Lofiira basi. Atangotembenuka kuti adandaule, ine twaini koke! Gogo wina analowetsa lake, madzi n'kukhuthuka.

"A tcheya, mwalakwira ndani?" anafunsa mayi wina pamzere.

"Kalapeni kaye, bambo, makinawa amaona mumtima!"

Ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Mawa lake ndinabwereza, mkuja wakenso. Kenako tsiku lina ndinakoka, twaini n'kubwera yekha. Kamamba kanatsalira mkati.

Kuyambira pamenepo getsi linafiira kwa aliyense. A tcheya anaimbira amisiri, amisiri anati abwera sabata yamawa. Sabata yamawa inafika, iwo osafika. Mjigo wakale unali utafa kalekale. Ndowa zinandandalika pakiyosiki kudikira, kenako zinayamba kuchoka imodziimodzi, zonse kulowera njira ya kumabango.

Chaka chimenecho nyanja inali itakwera, madzi atalowa mpaka m'minda. Amayi ankapita m'gulu, kuponya miyala, kumenya madzi ndi nsungwi asanamize ndowa. Sankaimba, sankacheza. Mbuzi ya aneba inasowa. Pamchenga panaoneka mzere waukulu wa mchira, wotuluka m'madzi n'kubwereranso. Msodzi wina anati waona maso awiri pakati pa bango, osaphethira.

Ine sindinaulule. Lamba wa bambo anga ndimamudziwa bwino.

Kwathu wotunga anali mlongo wanga wamng'ono, chifukwa mayi anali ndi chilonda pamwendo. M'mawa uliwonse ndinkamuyang'ana akutsetsereka ndi ndowa, galu wathu akumutsata, ndipo ndinkadziuza kuti amisiri afika lero.

M'mawa wina anabwera wopanda ndowa, wopanda galu, siketi ili chonyowa mpaka m'chiuno. Sanalire. Anakhala pakhonde, maso ali gwa pansi. Mnzake ndi amene anafotokoza: galu anali kumwa pambali pake penipeni, madzi anangotseguka n'kutsekekanso.

Mayi anasuzumira mumtsuko, anamanga chitenje, n'kunyamula chigubu.

"Mayi, mukupita kuti?"

"Ufuna timwe chiyani? Mwana wanga sapitakonso. Ndipita ndekha."

Ndinawaona akutsimphina kulowera njira ija, ndipo lamba wa bambo anachepa mphamvu m'mutu mwanga. Ndinawalanda chigubu, ndinatenga mbedza yaing'ono, ndinathamangira ku kiyosiki. Panali a tcheya ndi anthu angapo, akuyang'ana makina ngati maliro. Ndinawongola mbedza, ndinaipisa pang'onopang'ono kuti ndisapinde timano tija, ndinawedza. Kamamba kanatuluka ndi kachidutswa ka twaini kakulendewera.

Ndinalowetsa khadi lathu. Lobiriwira. Madzi anathira phokoso m'chigubu.

"Iwe," anatero a tcheya motsitsa mawu, "unadziwa bwanji kuti muli chimenechi?"

"Ndinalota, a tcheya."

"Ndipo twaini ameneyu unalotanso?"

Lamba anagwira ntchito yake masana omwewo, mayi osaletsa. Komiti inagamula kuti holide yonse yotsala ndizitungira madzi nkhalamba zonse za m'mudzi, pamutu, ngati mkazi, kuti ndichite manyazi. Manyazi ake ati? Anandiika tsiku lonse pamzere wa atsikana omwe aja, ndipo aliyense ankafuna kumva momwe ndinachitira. Khosi linauma, inde, koma agogo ankandipatsa mango ndi nsomba zowamba. Galu yekha ndi amene ndimamukumbuka, ndipo mlongo wanga sanandiyankhule mpaka sukulu kutsegulira.

A tcheya mpaka lero, asanalowetse khadi lawo, amayamba ayang'ana manja anga. Ine ndimawakweza m'mwamba, n'kuwapatsa moni mwaulemu wonse.