Fulashi ya Fundi Mwakibete

Ku Mwanjelwa kuno ku Mbeya, kompyuta ikadwala anthu amathamangira nayo kwa Fundi Mwakibete, mmisiri wamfupi wa kamimba ka chipsi mayai, tchipisi cha mazira chija. Simungamusowe: m'khosi mwake mumalendewera fulashi yofiira ngati chithumwa. Mmenemo ndimo amasunga madalaiva, timapulogalamu tija tothandiza kompyuta kugwira netiweki. Amiseche amati ndi posamba pomwe savula.

Ulaliki wake ndi umodzi chaka chonse: "Musanasinthe sisitimu, sungani kaye dalaiva. Ikatayika mudzafuna intaneti kuti muipeze, chonsecho intanetiyo simungaigwire popanda iyo."

Kompyuta imodzi yokha ndiyo analetsedwa kuikhudza: laputopu ya mkazi wake, Tusajigwe, mlembi wa kwaya ya kutchalitchi kwawo. Loweruka lina m'mawa mayiyo anaisiya mushopu, nati akukagula nthochi, akabwera atumize nyimbo ya kwaya ku mpikisano isanakwane 12 koloko. Nyimboyo anthu anaikhetsera thukuta miyezi itatu.

Mwakibete anaiyang'ana laputopu ija. Sisitimu yake inali yamakedzana, yochititsa manyazi pakhomo pa fundi. Manja anayamba kumuyabwa. Anavula fulashi, naikonza kuti ikhale yoikira sisitimu yatsopano, ntchito n'kuyambika. Zonse zinayenda bwino, nyimbo ili pomwepo, kungoti kachizindikiro ka netiweki kanasowa.

Anamwetulira, nabayanso fulashi kuti atenge dalaiva. Munalibe ngakhale imodzi. Anali ataiwala chomwe amakalipira nacho mafundi anzake: fulashi ukaisandutsa yoikira sisitimu, zakale zonse zimafufutika.

Tusajigwe anamupeza thukuta lili kamukamu, akupukuta laputopu ndi kansanza.

"Bambo a Tumpale, fumbi lake lachuluka choncho?"

"Netiweki yavuta tauni yonse lero, mayi."

"Tauni yonse? Nanga Gwakisa wa shopu yoyandikanayi mpirawo akuonera pa chiyani, pa mbale?"

Fundi anayang'ana kudenga. Nthawi inali hafu pasiti leveni.

Mayiyo anatula nthochi, natenga chingwe chotchajira, nalumikiza foni yake ku laputopu. Intaneti inadzera m'chingwemo, dalaiva inalowa, kachizindikiro kaja n'kubwerera. Nyimbo inapita kutatsala mphindi zisanu ndi imodzi.

"Mwaziphunzira kuti zimenezi?" anafunsa Mwakibete chapansipansi.

"Zaka khumi ndi ziwiri mukudzitama pa chakudya, mumayesa makutu ndimawasiya kukhitchini?"

Nkhaniyi ikanathera pomwepo, koma khoma la pakati pa shopu ya Mwakibete ndi ya Gwakisa ndi la pulayiwudi. Pofika Lolemba, ndi ogulitsa mandasi omwe anali akuidziwa.

Mwakibete akadali fundi wabwino ndithu, ndipo fulashi anaidzazanso. Kungoti makasitomala masiku ano akalowa amayamba asuzumira kuseri kwake, kenaka n'kupereka moni waulemu wa Chiswahili.

"Shikamoo, fundi. Mayi aja alipo?"