Atsikana Obwereka

Ndiulule bodza langa lina. Matipate atangoyamba kumene, ndinkaphunzitsa sukulu yamkaka kwa Malengachanzi. Tinamva kuti kukubwera mayi wina wa ku Zambia woyerekeza kuchuluka kwa atsikana m'sukulu zotere m'maiko athu. Ine ndinali nawo atatu okha. Poopa kuchititsa Malawi manyazi, ndinayenda khomo ndi khomo kubwereka ana aakazi amene ankapirikitsa mbalame m'minda ya mpunga.

Mlendoyo akuwerenga ana mosangalala, kamtsikana kena, Asiyatu, kanakweza mkono.

"Aphunzitsi, alendowa akapita tibwerere kumpunga?"

Mayiyo anaseka mpaka misozi, nafufuta zimene analemba.

"Ayi," ndinamuyankha Asiyatu mochokera pansi pa mtima, "mawa mubwerenso."

Anabweradi, mpaka mphasa zinatichepera.